Owerenga Kabuku ka a Mapu

"Ziro," anatero mayi a ku laibulale akuloza pa kompyuta. "Kabuku kanu sanakatsegule mwana ngakhale mmodzi."

A Mapu anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, n'kuvalanso. Ziro uja sanasunthe. Dzina loti Mapu anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankaphunzitsa jogalafe atapanira mapu m'khwapa ngati ambulera.

Teremu imeneyo sukulu inkayesa tsamba lina la pa intaneti. Mphunzitsi aliyense ankaikapo mabuku ndi nkhani zoti ana aziwerenga, ndipo tsambalo linkasonyeza kuti chilichonse chatsegulidwa kangati. A Mapu anaikapo kabuku ka manotsi kamene anakalemba okha pamanja, n'kukajambula ndi foni tsamba ndi tsamba. Ankakakonda koopsa. Tsono ahedi anali atalengeza kuti pa msonkhano wa Lachisanu, chilichonse chosawerengedwa chichotsedwa.

"Makina anuwa ndi abodza," anatero a Mapu, natuluka. Mumtima anatsimikiza kuti mayi a ku laibulalewo amadana nawo.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo akusita.

"Mayi, tengani foni yanu. Dinani apa, mutsegule, mutseke, mutsegulenso."

"Ndiwerenge?"

"Ayi, muzingodina basi."

"Ha! Zaka zonsezi mumandikalipira ndikangokhudza mapepala anu, lero ndasanduka mwana wa sukulu? Yunifolomu mundigulira liti?"

Komabe anadina. A Mapu anaimbiranso alamu awo, telala wa kumsika, kuti nawonso azidina akamapuma kusoka. Pofika Lachinayi ziro uja anali atasanduka 214, ndipo a Mapu ankayenda pakhonde la sukulu chifuwa chili patsogolo, kupereka moni ndi kwa amene anawapatsa kale.

Lachisanu aphunzitsi onse anadzaza m'chipinda chawo. Mayi a ku laibulale anaonetsa tsamba lija pakhoma.

"Taonani anzathu a Mapu," anatero ahedi. "Atiposa tonse!"

Anthu anaomba m'manja. A Mapu anaweramitsa mutu modzichepetsa, koma kumwetulira kunali kufika m'makutu. Apo ndi pamene mphunzitsi wa masamu, munthu wosakhulupirira nambala imene sanaiwerengetse yekha, anakweza dzanja.

"Tiwaone maina a anawo kuti tiwayamikire pa asembule."

Maina? Kumwetulira kwa a Mapu kunathera pomwepo. Sankadziwa kuti tsambalo limafunsa dzina munthu asanatsegule koyamba. Mayi a ku laibulale anazengereza, anayang'ana a Mapu, koma ahedi anati, "Tsegulani, mayi."

Dzina loyamba linali lakuti "Mkazi wa aphunzitsi". Anatsegula ka 130, ulendo uliwonse masekondi atatu. Lachiwiri, lotsegula ka 80, linali lakuti "Alamu, andituma".

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Wa masamu uja anachita kugwira tebulo, misozi ili mbwembwembwe.

"Banja lokonda maphunziro ili," anatero ahedi akudziluma mlomo. "Alamuwo alemba nawo mayeso chaka chino?"

A Mapu anangoti zyoli, manyazi atawagwira mpaka kumapazi. Chimene chinawawawa kwambiri si kusekedwako ayi, koma kudziwa kuti ntchito yawo ya zaka makumi awiri ikuchotsedwa popanda woiwerenga.

"Patsala dzina limodzi," anatero mayi a ku laibulale. Pansi penipeni panali polembedwa "Laibulale": kanayi kokha, koma maola asanu ndi awiri.

"Ndakawerenga konse," anatero mayiwo. "Za mvula ndi mphepo palibe buku pano lozifotokoza bwino chonchi. Vuto ndi lakuti zithunzizo n'zolemera, ana amatopa kudikira chisanatseguke n'chimodzi chomwe. Komanso chala chanu chachikulu chili pa tsamba lililonse, ndipo tsamba 41 ndi chithunzi cha bondo lanu. Ahedi, mutipatse masabata awiri. A Mapu aziwerenga mokweza, ine ndizitaipa."

Ahedi anavomera. A Mapu anagwira dzanja la mayiwo ndi manja awiri pothokoza.

Kunyumba anapeza akazi awo atakhala pampando, maso ali pa foni.

"Mayi, siyani kudina. Tagwidwa."

"Kudina ndasiya kalekale, chala chinatopa," anayankha osadzutsa mutu. "Lero ndati ndione chimene ndakhala ndikudinachi. Tabwerani kuno. Phiri lotulutsa motoli likaphulika, anthu okhala m'munsimo amatani? Chala chanuchi chaphimba pomwepo."

A Mapu anaika mapu awo pansi, nakoka mpando.