Magetsi Odzera kwa Apongozi

"Apongozi akowo abwere adzadye ayeziyu, poti anamuitanitsa ndi iwo."

Jummai anayankhula zimenezi ataima pakhomo la shopu, manja m'chiuno, akuuza mlongo wake wamng'ono Sagir. Sagir ankangopukuta fumbi pa makina ngati sakumva. Mayi awo, Hajiya Lantana, anali pa benchi atafunda nsalu ziwiri, bilu ya magetsi ili pamwendo. Mphamvu yoleretsa analibe. Ana amenewa anayamba kulimbana Sagir akadayamwa, ndiye akanaleka lero chifukwa chiyani?

Shopuyo anawasiyira malemu amuna awo, kuseri kwa msika mumzinda wa Kano muja, ndi makina atatu oundanitsa madzi. Makina amenewo ndiwo analera ana, kuwakwatitsa, mpaka kuwatumiza mayiwo ku Maka. Koma magetsi a onse aja ankabwera ngati mlendo, ndipo jenereta inkamwa dizilo ngati ngamila yochokera kutali. Ndiye kunabwera makampani ogulitsa magetsi awoawo kwa a mabizinesi, ina ya dzuwa, ina ya gasi, iliyonse ndi mtengo wake. Pakati pa makampani ndi ogula pamakhala mkhalapakati woyenda ndi chikwama, amene amakufunira mtengo wabwino. Wa mumsikamo anali Alhaji Mamuda, bambo ake a Sadiya, mkazi wa Sagir.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mpongozi sumuyang'ana m'maso, dzina lake sulitchula, nanga ungamufunse kuti pepala ili likuti chiyani? Alhaji atafika ndi goro m'manja, mtedza wowawa umene akuluakulu amatafuna, Sagir ananjuta, maso pa nsapato. Alhaji anamuuza kuti abweretse bilu ndi malisiti a dizilo, aone kuti shopu imadya magetsi ochuluka bwanji. Mnyamata wanzeru uja anasankha za mwezi wa Ramadani, umene unagwa nyengo yotentha, pamene anthu amalimbirana ayezi pomasula kusala kudya ndipo makina onse sapuma. Nanga mkamwini angaonetse kuchepa kwa munthu amene anamupatsa mwana?

Sikuti wowachenjeza panalibe. Malam Tijjani, mphunzitsi wa zamagetsi pa sukulu ya ntchito zamanja, amene amawakonzera makinawo, anawatengera mayiwo pambali.

"Hajiya, munthu wotere ndi wothandiza, sindikukana. Koma mumufunse kuti amamulipira ndani. Akuonetseni mitengo ya makampani onse, inu mumupatse mabilu a chaka chonse. Pepalalo ligone kuno, ndiliwerenge."

"Malam, amene uja ndi asewere anga. Ndikati pepala ligone, ndiye kuti ndawatcha akuba."

Hajiya anadinda chala tsiku lomwelo, namwa tiyi, nayamika Mulungu.

Miyezi yoyamba zinthu zinali bwinodi, jenereta inachita kangaude. Kenako inafika mphepo yozizira ya fumbi ija, imene imang'amba milomo. Ndani angagule ayezi akunjenjemera? Amayi ogulitsa zobo, chakumwa chozizira chofiira chija, analeka kubwera. Makina amodzi ankakwanira, awiri anazimitsidwa, koma bilu inabwera yonenepa ngati ya Ramadani. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Malam Tijjani atawerenga pepala lija anavula magalasi, nawauza pang'onopang'ono kuti mtengo wotsika uja unali ndi mchira: analonjeza kugula mayunitsi a mwezi waukulu uja mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, kaya agwiritse ntchito kaya ayi. Wofuna kutuluka panjira alipire chindapusa, ndipo wolephera, kampani itenga katundu wa mushopu.

Ndiye mkangano wa lero unachokera pamenepo. Sagir atatsegula pakamwa, anati akhale chete, kutentha kubwera, asachititse manyazi banja. Jummai anamufunsa ngati manyazi amaphikidwa ndi mafuta kapena ndi madzi. Anawonjezera kuti galimoto yatsopano ya Alhaji ikuyendera thukuta la malemu bambo awo, komanso kuti Sadiya amavala ndolo zolemera kuposa mutu wake. Za ndolozo zinali zosafunika, koma Jummai akayamba samasiya fupa lili ndi mnofu.

Hajiya Lantana anangomvetsera. Kutentha kudzabweradi, koma pambuyo pake mvula, kenako mphepo ina, ndi ina. Makina onse atatu akanapita. M'mawa mwake anavala mpango wawo wa ukwati, nakwera kabaza wa matayala atatu kupita kwa asewere. Analonjerana mpaka kufunsana za mbuzi ndi za kutopa. Atatha zonse, mayiwo anayang'ana pamphasa nafunsa funso limene linachedwa miyezi yonseyi.

"Alhaji, mundikhululuke. Pa ntchito ija, inu amakulipirani ndani?"

Alhaji anatafuna kaye goro. Sananame ayi. Anati kampani imawapatsa kangachepe pa yuniti iliyonse imene shopu yalipira. Anavomeranso kuti panali kampani ina yokwererako mtengo pang'ono, imene umangolipira zimene wagwiritsa ntchito.

"Koma mwana wanu anandionetsa bizinesi yaikulu, ine ndinamufunira za anthu aakulu. Ndipo palibe anandifunsa."

Tiyi sanabwere tsiku limenelo. Anawaperekeza mpaka pakhonde pokha.

Hajiya anagulitsa makina awiri kuti alipire chindapusa chija. Anaimirira pakhomo anthu akuwakweza mulole, osalira, akungokanda bondo. Amodzi otsalawo anawafunira magetsi kudzera kwa mkhalapakati wina, mlendo wopanda ubale ndi aliyense. Ameneyo Hajiya anamufunsa mafunso mpaka kumutulutsa thukuta m'nyengo yozizira, ndipo pepala lake linagona masiku anayi kwa Malam Tijjani. Shopu ilipo, kungoti tsopano imadyetsa pang'ono.

Phunziro: Wokufunira mtengo wa magetsi umufunse amene amamulipira, umuonetse mwezi wonenepa ndi woonda womwe, ndipo pepala liwerengedwe chala chisanadinde. Ngati ndi munthu amene sungamufunse, usagule kudzera mwa iye.

Zotsala ndi izi. Alhaji sayankhula ndi Hajiya, akuti anamuyesa wakuba m'nyumba mwake. Sadiya sayankhula ndi Jummai chifukwa cha nkhani ya ndolo zija, imene anthu achifundo anamufikitsira tsiku lomwelo. Jummai sayankhula ndi Sagir, amangomuyankhulira kudzera pa khoma. Sagir yekha ndiye amayankhula ndi onse, koma palibe amamuyankha.