Wophika Ndiye Alawe

A Howard sankadya kanthu wophikayo asanalawe iwo akuona. Nditauzidwa zimenezo tsiku loyamba, ndinatsala pang'ono kubwerera ndi mbale yanga. Ine Mwanamvua, mayi wa ana asanu, ndiyesedwe mfiti chifukwa cha phala? Koma Keti, mnzanga amene timagulitsa naye usipa pa Lungwena, anandikoka chitenje. "Lawa basi, iwe. Sakunena iwe wekha, amatero ndi aliyense."

Tili ndi gulu la amayi, a kumzikiti ndi a kutchalitchi pamodzi, losamalira asilikali opuma amene alibe kolowera. Tinakonza nyumba yakale ya chigayo, n'kuikamo mikeka ndi chitseko. Awiri tinawapezera ulonda kumalo ogona alendo ku Chembe. Anatsala ndi a Howard, amene tinakawatola padepoti ku Mangochi akugona pamakatoni, akutsokomola zomvetsa chisoni. Kuchipatala anati ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ake akamwa osadya ankasanza onse, ndipo anamwino anatichenjeza kuti akamadumphadumpha masiku, matendawo sadzamvanso mankhwala.

Iwo ankati atachoka kuusilikali anapeza abale atagulitsa malo awo, ndipo atayamba kufunsa, mlamu wawo Celestina anawapatsa thobwa limene linawagoneka m'chipatala. Kaya n'zoona, kaya ndi mutu chabe, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'choti munthu uja ankatopetsa. Msana kukhoma, maso pakhomo. "Nsinjirozi mwagula kwa yani? Mwadzera njira iti? Mwaima pati?" Ankavundula phala okha, kenaka n'kuloza ndi chala poti ndilawe. Ndikameza ankandiyang'anabe pakhosi, ngati ndabisa m'tsaya.

Mwezi wa Ramadani utafika tinagwirizana kuti aziphika a kutchalitchi okha, popeza ife osala sitilawa kanthu masana. Zinayenda bwino mpaka apongozi a Keti atamwalira ku Nkope, ndipo mpingo wonse unakwera galimoto kupita kumaliro. M'chipwirikiti chimenecho a Howard anaiwalika tsiku lathunthu, osadya, osamwa mankhwala. Nditamva m'mawa mwake ndinaphika phala mothamanga. Mumtima ndinkati, miyezi yonseyi ndakhala ndikulawa, lero andikhulupirira.

Tsoka ilo, pamjigo wa pafupi ndi chigayo ndinakumana ndi mayi wina wofunsa mtengo wa usipa. Ndinatula dengu limene munali mbale ya phala, tinalankhula pang'ono, ndinanyamuka.

Ndinawapeza a Howard ali pamkeka, milomo itauma.

"Mwadzuka bwanji, a Sajeni?"

"Mumakambirana chiyani ndi Celestina?"

"Celestina uti?"

"Ndakuonani pazenera. Dengu munaliika pansi, pakati pa inu ndi iye."

Walahi, mayi uja sindinkamudziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati analidi iyeyo. Ndinawauza choncho. Iwo anangovundukula mbale, kuvundula, n'kundipatsa sipuni.

"Bambo, ndasala. Mukudziwa kuti ndi Ramadani."

"Ndikudziwa," anatero motsitsa mawu. "Tsiku labwino ndithu. Keti kulibe, inu simulawa, Celestina ali pamjigo. Mwasankha bwino."

Asa! Magazi anandiwira. "Inu a Howard, mulibe manyazi? Ndani anakuchapirani bulangete lija lonunkha mkodzo? Ndani anakukwezani pakabaza kupita nanu kuchipatala? Ndikadafuna kukuphani ndikadangokusiyani padepoti paja, osawononga nsinjiro zanga!"

"Nayenso Celestina ankandichapira."

Ndinati ndikaitane wina woyandikana nafe adzalawe. Anakana, ati wophika ndiye alawe, wina angafere za eni. Ndinati ndiye tidikire dzuwa lilowe, ndidzadya mbale yonse ngati afuna. Anaseka mpaka kutsokomola. "Madzulo mudzabwera mutatafuna kale mizu yanu yotetezera. Nyamulani phala lanu, mayi. Mawanso musavutike."

Ndinayang'ana kabotolo ka mankhwala pazenera. Dzulo sanamwe, lero samwa, ndipo Keti sabwera msanga. Kukhosi kwa munthu uja kunali mafupa okhaokha. Ndinakwiya nawo, ndinakwiya ndi Keti, ndinakwiya ndi maliro omwe. Chiyambire utsikana wanga sindinamasulepo swaumu mwadala, ngakhale chaka cha njala, ngakhale tsiku limene tinaika bambo a ana anga. Lero ndimasule chifukwa cha munthu wondiyesa wakupha?

Ndinakhala pansi, misozi ikutsika, osati ya chisoni koma ya ukali. "Lozani," ndinatero.

Analoza pakati pa mbale. Ndinatapa pomwepo, sipuni yodzaza, kuti asadzanene kuti ndanyambita chabe. Ndinati Bisimila, Mulungu aone yekha. Sipuni itafika pamlomo, dzanja lawo linandigwira pamkono. Sindinkadziwa kuti m'mafupa amenewo munatsala mphamvu yotero.

"Lekani."

Anandilanda sipuniyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuinunkhiza, thukuta likutuluka pamphumi. Kenaka anatsinzina n'kumeza, monga mwana amezera mankhwala owawa. Anatapanso. Anadya mbale yonse osandiyang'ana, n'kumwa mapiritsi awo ndi madzi a m'chigubu chimene amatunga okha.

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati basi, munthu wakhulupirira. Ndinayamba kulongedza mbale m'dengu, popeza usipa wanga unali padzuwa wopanda woyang'anira.

Pamenepo ndinaona akuvala nsapato zawo zakale za usilikali. Anamanga zingwe bwinobwino, anakoka kolala ya malaya, n'kukhala chowongoka, msana kukhoma, manja pamaondo.

"Mukupita kuti, a Sajeni?"

"Palibe. Mayi Mwanamvua, musachoke msanga. Khalani pompa pang'ono. Ngati munathiramodi, sindikwiya. Koma ndisafe ndekha m'chigayo muno."

Ndinatula dengu, ndinakhala pambali pawo pamkeka. Usipa uja akhwangwala anadya.