Injini ya Boti Kuseri kwa Nyumba

A Jairos Mbewe atasiya ntchito yowolotsa anthu pa mtsinje wa Luangwa, anabwerera kumudzi kwa akazi awo kufupi ndi Sinda atanyamula injini ya boti. Kumeneko kulibe nyanja, ndipo kamtsinje kamene kalipo kamaphwa chilimwe chisanafike pakati. Komabe anaimangirira pa thabwa pansi pa chisakasa kuseri kwa nyumba, mwendo wake wa chopalasira uli m'dramu. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankailiza kuti isagwire dzimbiri. Akazi awo, a Filomena, ndiwo ankatunga madzi odzaza dramuyo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo ankatunga akung'ung'udza.

A Jairos anamwalira mvula itangoyamba. Injini inakhala yofunditsidwa saka mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe. Kenaka mwana wawo Samson anaimba foni kuchokera ku Lusaka.

"Amama, ndapeza wofuna injini ya atate. Ndi a Gibson, asodzi a ku Luangwa. Abwera Lachisanu, koma akuti aimve kaye ikulira."

"Nanga ailize ndani?"

"Itanani uja wokonza njinga zamoto pa Sinda."

"Iwe sungabwere?"

"Kuntchito sangandilole, amama."

Wokonza njinga zamotoyo a Filomena sanamuitane. A Jairos anamuthamangitsapo tsiku lina pamene anafuna kuiliza dramu ili youma, chifukwa injini ya boti ikalira popanda madzi imapsa m'kati.

Lachinayi a Filomena anayamba kutunga madzi dzuwa lisanatenthe. Anapita ku mjigo maulendo khumi ndi awiri. Pa ulendo wachisanu ndi chitatu anazindikira kuti akuyenda chete, sakung'ung'udza, popeza panalibe woti amve. Madzi atakwera mpaka kumiza timabowo ta pamwamba pa chopalasira, anaonjezera ndowa ina, monga ankachitira amuna awo.

Petulo wakale anali atasintha fungo, ndiye anamutaya n'kuthira watsopano amene anagula dzulo lake. Oilo wosakaniza ndi petuloyo anayeza ndi kabotolo kamene a Jairos anakalemba mzere ndi msomali. Anafinya kampira ka pa paipi ya petulo mpaka kanalimba, natsegula choki chothandiza kudzutsa injini yozizira, nakoka chingwe. Injini inangotsokomola. Anakoka kachiwiri, kachitatu, kakhumi, mpaka phewa linayamba kuwawa. Anakhala pa kampando ka amuna awo akupumira m'mwamba. Nkhuku zinali kufukula pansi pa mtengo wa mango, osalabadira.

Atapuma, anatsegula bokosi la zitsulo. Sipanala ya pulagi anaidziwa ndi chogwirira chake chokulungidwa mphira. Pulagiyo inatuluka yakuda bii. Anaipala, naitsuka ndi petulo, naiumitsa pa chitenje chawo, n'kuibwezera. Atakoka kawiri, injini inadzuka. Utsi unadzaza chisakasa, madzi m'dramu nawinduka, nkhuku zonse balala!

Koma a Filomena maso awo anali kumbuyo kwa injini, pa kabowo kotulukira madzi oziziritsa. Sipankatuluka kanthu. Anaizimitsa msanga. Atasuzumira anapeza kuti tizilombo tinamatapo dothi. Anatokosa ndi kawaya, nailizanso, ndipo madzi anathamanga mowongoka mpaka kugunda m'mbali mwa dramu.

Kalilidwe kake ndiko sikanali bwino. Inkathamanga, kenaka n'kufooka ngati ikufuna kuzima. A Filomena anali asanagwirepo kasikuluu kochepetsera ndi kuonjezera moto, koma anadabwa kuti khutu lawo linkadziwa pamene pakulakwika. Zaka zonse zija ankaimva ali m'khitchini. Anapotoza pang'ono, inakuwa. Anabweza, inayamba kunjenjemera. Anapotozanso pang'onong'ono, ndipo inakhazikika, n'kumalira mofatsa, mosadukiza.

Anatembenuka kukamwa kuli kotsegula kale, kuti anene kanthu. Kumbuyo kwawo kunali khasu lotsamira khoma ndi jekete lakale la a Jairos pa msomali. Anatseka pakamwa, nakhalanso pa kampando. Anaisiya ikulira nthawi yaitali kuposa mmene a Jairos akanalolera.

A Gibson anafika m'mawa mwake pa kagalimoto kotsegula kumbuyo. Anali bambo wamfupi, wa manja okhakhala. Anakoka chingwe kamodzi kokha, namvetsera atapendeketsa mutu, nagwira madzi otuluka kumbuyo aja kuti amve kutentha kwake.

"Amayi, makanika wanu ndani?"

"Ndine ndemwe."

Bamboyo anayamba kuseka, koma ataona mafuta akuda m'zikhadabo za a Filomena analeka.

"Ndiye mwaitchera bwino. Kwathu ena amalephera."

"Musamailize popanda madzi," anatero a Filomena. "Ndipo kabowo aka muzikayang'ana."

"Ndamva, amayi."

A Gibson ndi woyendetsa galimoto anaimasula pa thabwa, naigoneka pa matayala akale. A Filomena anawapatsanso bokosi la zitsulo ngakhale sanalipemphe. Anaperekeza galimotoyo wapansi mpaka pa mphambano, naima pomwepo kufikira fumbi linatha.

Kunyumba sanafune kulowa. Anapitirira mpaka kwa anzawo a Dinnah, amene ankaimba nawo kwaya kutchalitchi, poganiza zokawathandiza kutong'ola chimanga. Anaodira kawiri, koma chitseko chinali chokhoma. Eni ake anali atapita kuchigayo. Pakhonde panali mulu wa chimanga ndi lichero. A Filomena anakhala pansi, natambasula miyendo, nayamba kutong'ola okha.