Miyendo ya Mayi Filofteia

Mayi Filofteia ankayala makandulo ogulitsa pakhomo la tchalitchi pamene Ilinca, mwana wa achimwene awo, anatulukira ali wefuwefu, kalata ili m'manja. Ilinca ndi loya mumzinda wa Pitesti, ndipo mukaona loya akuthamanga atavala gogoda, dziwani kuti kwinakwake kwapsa.

"Azakhali, kaseti ya ukwati wanga ija ili kuti?"

"Tadzuka bwino, kaya iwe, mwana wopanda moni. Inadyedwa ndi makoswe. Ndinakuuza kalekale."

"Makoswe kudya kaseti n'kusiya tchizi?"

"Anali makoswe a m'tauni."

Ilinca sanaseke. Anatambasula kalata ija pamwamba pa makandulo.

Bambo ake a Ilinca, a Neculai, ndi mmisiri wa zitsulo. Zaka makumi awiri zapitazo anapanga makina ochotsa njere za mapulamu: umathira zipatso pamwamba, n'kupukusa chogwirira, njere kugwera uku, mnofu uku. Onse ophika jamu m'chigwa chathu chino amagula kwa iwo, ndipo mabanja anayi amadyera mu shedi yawoyo. Koma zolembetsa makinawo ku boma ankazikana. Ankati pepala silinapukusepo chogwirira. Tsono kampani ina ya mumzinda waukulu inalembetsa makina ofanana ndendende m'chaka cha 2015, ndipo kalatayo inkati a Neculai asiye kupanga, apo ayi akaonana kukhoti.

"Kuba kumeneko!" anatero mayi Filofteia.

"Kaya anaba, kaya anaganiza okha, lamulo ndi limodzi. Munthu amalembetsa chinthu chatsopano basi. Tikaonetsa kuti makinawa ankagwira kale ntchito poyera, chiphaso chawocho chagwa."

"Ndiye vuto n'chiyani? Mudzi wonse unawaona."

"Pakamwa pa mudzi palibe deti, azakhali. Koma pakona pa vidiyo ija palembedwa: Seputembala 2006. Ndipo wojambula uja anaima pa makinawo nthawi yaitali. Mukudziwa chifukwa chake."

Inde ankachidziwa. Tonse timachidziwa, kungoti sitinena.

Mayi Filofteia amenewa ndi aja amayeza masiketi a atsikana ndi maso, aja amalumbira kuti mowa sunadutsepo pakhosi pawo. Koma pa ukwati wa Ilinca, timatambula titatu ta kachasu wa mapulamu tinasochera n'kulowa momwemo. Mayi anavula mpango, n'kulengeza pamaso pa alendo onse kuti zala zawo zikhoza kuchotsa njere mwachangu kuposa "chitsulo cha Neculai". Mpikisano unayambika, oimba akukhwekhweretsa zingwe. Mapulamu atachepa mu mgolo, mayi anakwera pakampando kuti atape a pansi. Kampando kanati tere! Mayi mutu pansi, psiti mu mgolo. Kunja kunangotsala miyendo iwiri ya masokosi ofiira, ikupalasa njinga kumwamba.

Sabata yotsatira anabwereka kaseti ija kuti akaonere kwawo. Ndiye kunabwera makoswe aja.

Tsiku la kalatalo, pobwerera kunyumba, anadzera ku shedi. Kunali zii. Nyundo imene inkawadzutsa m'mawa uliwonse, imene ankaitukwana tsiku ndi tsiku, inali gone pansi. A Neculai anakhala pa ndowa yovundikira, ndipo makina atsopano anali atawafunditsa bulangete ngati maliro.

"Ilinca wakuvutitsa eti, chemwali? Msiye. Ndakalamba ine, mwina ndi nthawi yopuma."

"Kupuma inu? Mudzapuma tsiku limene mbuzi idzaimba kwaya."

A Neculai anamwetulira pang'ono, osatchula za kaseti. Bwenzi zili bwino akanatchula, akanakangana. Munthu amene anakufolerera nyumba amuna ako atamwalira akangokhala chete, umasowa pomugwira.

Atafika kwawo anatsegula bokosi la kuchipinda, lija amasungamo zovala zodzaikidwa nazo m'manda. Pansi pa diresi lakuda, pansi pa nsapato zosavalidwapo, kaseti inali phee, yopanda ngakhale dzino limodzi la khoswe. Cholinga chawo chinali chakuti idzalowe nawo m'nthaka. Anaigwira, anaibweza, anaigwiranso. Anaganiza za abusa. Anaganiza za atsikana a masiketi aja, mmene adzasekere. Kenaka anatchera khutu ku shedi, ndipo kunali ziii kuja.

"Manyazi adapha Lambe," anadziuza okha. "Ine sandipha."

Kaseti anaipereka, koma ku ofesi ya Ilinca anakakamira kupita nawo. "Ngati mukukandisenda, ndikhalepo ndithu." Anakhala pampando ali ndii, chikwama pamaondo, moyang'anana ndi maloya awiri a kampani ija, a masuti onunkhira. Ilinca anali atasamutsira vidiyo ija pa kompyuta.

Deti inaoneka pakona. Makina anaoneka bwinobwino, mano ake onse, njere zikugwa uku, mnofu uku. Maloya aja ankalemba, nkhope zili gwa. Kenaka kampando kaja kanati tere!

Loya wamng'ono anayamba kutsokomola. Wamkulu anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Tabwezani pang'ono," anatero. "Ndione bwino chogwirira."

Ilinca anabweza. Bamboyo anapemphanso kachiwiri. Atapempha kachitatu, mayi Filofteia kuleza mtima kunawathera.

"Chogwirira chili kumanja, bambo. Inu maso anu ali kumanzere."

Chipinda chonse chinaphulika. Wamkulu uja anagwira tebulo, misozi ili chuchuchu, ndipo chodabwitsa n'chakuti amene anaseka mokweza kuposa onse anali mwini miyendo.

Patatha milungu itatu kunabwera kalata ina, yaifupi, yaulemu: kampani yasiya nkhaniyo. M'mawa mwake nyundo inadzutsa mudzi, ndipo palibe anaitukwana.

Lamulungu masana a Neculai anawotcha nyama pabwalo, wailesi ya kanema n'kuitulutsira pakhonde kuti aonetse vidiyo ija. Mudzi wonse unabwera, ngakhale abusa. Mayi Filofteia anakhala kutsogolo kwenikweni.

"Imitsa pomwepo!" anakuwa. "Taonani njere m'mbale mwangamo. Ndinali patsogolo ine! Chinandigwetsa ndi mpando, osati chitsulo chanucho."

"Adadi," anatero Ilinca kuseka kutachepa, "makinawo sitingawalembetsenso, aliyense anawaona kale. Koma dzina ndi chizindikiro chanu, mawa tikukalembetsa. Zokana zija zatha."

"Chizindikiro ndachipeza kale," anayankha a Neculai, akuloza kanema ndi foloko.

Anthu anadikira bingu. Mayi Filofteia anayang'ana miyendo ili njo pagalasipo, n'kupendeketsa mutu ngati munthu wosankha nsalu.

"Si yoipa ayi," anatero. "Koma Ilinca, ulembe bwino pamapepala akowo kuti mwini wake ndine. Wofuna kuijambula azipempha kaye."

Lero makina alionse otuluka mu shedi ya a Neculai amakhala ndi kachitsulo kojambulidwa miyendo iwiri yoloza kumwamba. Mayi Filofteia akugulitsabe makandulo, atavala zakuda monga kale. Koma mphepo ikadutsa pakhomo la tchalitchi n'kunyamula diresi pang'ono, pamakhala kufiira kumapazi.