Chala Chimodzi pa Kompyuta Yakale ya Bambo

Nditangolumikiza waya kumagetsi, kompyuta yakale ya Bambo ija inangoti phu! n'kutulutsa kautsi konunkha ngati tsitsi lopserera. Achimwene anali pakhomo ndi katoni m'manja. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndinakuuza, Mayi Mawaya, chinthucho chinafa kalekale. Ponya m'katonimu tione zina."

Ndinazula waya uja. Ndinali nditatha zaka khumi ndi zisanu ndikukonza mawailesi ndi ma TV pa kashopu kanga, moti utsi ndinkaudziwa monga namwino adziwira chifuwa. Uwu sunali utsi wa maliro. Kanali kamgolo kamodzi kosunga mphamvu ya magetsi kamene kanaphulika ndi ukalamba, ndipo timigolo totere ndinali nato todzadza chitini.

Tsikulo tinali kulongedza katundu m'nyumba ya Bambo. Miyezi inayi m'mbuyomo anagwidwa ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anatheratu. Achimwene, poti ndiwo oyamba kubadwa, anagamula kuti Bambo asamukire kwawo, ulendo wa tsiku lathunthu, akakhale m'kachipinda kakuseri, ndipo nyumba itsekedwe. Mwini wake sanafunsidwe. Achimwene ankati kufunsa n'kutaya nthawi chifukwa mutu wa Bambo unapita limodzi ndi mawu. Anali atawapatsapo cholembera, dzanja lamanzere n'kungokhwatchakhwatcha ngati nkhuku yapalasa. Anawapatsanso foni, koma chala chonjenjemera chinkagunda zilembo zitatu nthawi imodzi, mpaka Bambo anaiponya pansi. Kwa achimwene umenewo unali umboni wokwanira. Kuyambira pamenepo ankakamba za Bambo pamaso pawo ngati akukamba za kabati.

Ine sindinkakhulupirira zimenezo, koma ndinalibe pogwira.

Kompyutayo inali ya mtundu umene ana a masiku ano sangauzindikire. Inali chikiyibodi chonenepa, chachikasu ngati mano a nkhalamba, ubongo wake wonse uli pansi pa mabatani. Inkalumikizidwa ku TV, ndipo masewera ankachokera m'kaseti imene inkalira ngati mphaka woponderezedwa mchira. Bambo anali oyang'anira sitolo ya zipangizo pa kampani ina ya zomangamanga, ndipo anaitola pamene ofesi inkaitaya. Anadziphunzitsa okha ndi kabuku kopanda chikuto, kenako analemba masewera awoawo: kamunthu kokankha wilibala, kakuthamanga uku ndi uku kuwakha njerwa zogwa kuchokera padenga. Ine ndi achimwene tinamenyanirapo kambirimbiri.

Ndinapempha kuti andisiyire. Achimwene anakweza mapewa n'kunena kuti lole ibwera Loweruka, kaya chidolecho chadzuka kaya sichinadzuke.

Kushopu ndinaitsegula kompyutayo. Munali fumbi, mazira a mphemvu ndi kabatani ka malaya kamene sindikudziwa kanalowamo bwanji. Ndinachotsa timigolo tonse totupa, ndinawotcherera tatsopano, ndipo mabatani ndinawazula limodzilimodzi n'kuwatsuka ndi sipiriti. Mnzanga wometa tsitsi wa khomo loyandikana nalo ankangosuzumira, akufunsa ngati ndayamba kukonza makina osokera. Lachiwiri masana ndinayatsa, ndipo TV inawala mtundu wa buluu, zilembo zoyera zili ndondondo pamwamba. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Kaseti ndiyo inandigwiritsa fuwa lamoto. Tepi yake inali itamatana ndi nkhungu, ndipo nditayesa kuizungulitsa ndi pensulo inaduka pawiri. Mwamwayi, pansi pa bokosi lomwelo panali kope la Bambo, mmene analembamo pulogalamu yonse ndi dzanja lawo lopendekera lija, mizere yoposa mazana atatu. Masiku atatu ndinakhala ndikutaipa, kasitomala akabwera n'kuima, akachoka n'kupitiriza. Tsamba limodzi linali litadyedwa ndi chiswe pakona, choncho manambala angapo ndinangoganizira. Ndinali wotsimikiza kuti ndalasa.

Kamunthu kanaonekadi, wilibala n'kumayenda bwinobwino. Koma njerwa zinkangodutsa mu wilibalamo ngati ndi yobooka, n'kukaswekera pansi. Ndinafufuza mpaka maso kuwawa, osapeza polakwika.

Loweruka m'mawa ndinanyamula zonse kupita nazo kwa Bambo. Lole inali itafika kale, ndipo bedi lawo ndi matiresi zinali zitakwezedwa. Pabalaza panangotsala tebulo, TV ndi mpando umene Bambo anakhalapo, bulangete lili m'miyendo. Ndinawauza kuti ndabweretsa wantchito wawo wakale kuti adzatsanzikane naye, ngakhale kuti masiku ano wayamba ulesi. Ndinalumikiza mawaya, ndinalowetsa masewerawo kuchokera m'kaseti yatsopano imene ndinajambulira, ndipo kamunthu kanayamba kuthamanga.

Njerwa yoyamba inadutsa. Yachiwiri inadutsanso. Bambo anabuula.

"Ukuwatopetsa, zimitsa," anatero achimwene akulowa ndi chingwe chomangira katundu.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma Bambo anamenya tebulo ndi chikhatho chamanzere mpaka kapu inadumpha. Maso awo sanali pa achimwene kapena pa ine. Anali pa TV, ndipo anali maso amene ndinkawadziwa bwino, a munthu amene wapeza kuti matumba a simenti sakukwana m'sitolo.

Ndinaimitsa masewera n'kuitana mizere ya pulogalamu kuti ioneke. Inayamba kukwera pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti akaona cholakwika agogode. Mizere makumi angapo inadutsa, kenako ina, achimwene akuyang'ana wotchi. Itafika pamene panali padyedwa ndi chiswe paja, Bambo anagogoda kawiri.

Ndinawasendezera kiyibodi. Apa m'pamene ndinaona chimene sindinachiganizire sabata yonseyo. Mabatani a makina akalewa ndi aakulu ndiponso olimba. Kuwakhudza chabe sachita kanthu, amafuna kuwasindikiza ndithu. Chala cha Bambo chinkanjenjemera pamwamba pake, chikugunda apa ndi apo, koma palibe chilembo chinkatuluka kufikira iwo atasankha batani ndi kulikanikiza. Analembanso mzere wonsewo. Zinatenga mphindi ngati zisanu. Pamene ine ndinaika chizindikiro chophatikiza, iwo anaika chochotsera, ndipo nambala yanga ya 2 anaisintha kukhala 1.

Ndinayambitsanso masewera. Njerwa inatsika, ndinakankhira wilibala pansi pake, ndipo inakhalamo ndi kaphokoso kakuti tii!

Achimwene anaika chingwe pansi. Anayamba kunena kuti mwina zinthu zakale zimangotsalira m'mutu, monga nyimbo, koma sanamalize, chifukwa Bambo anali ataimitsa okha masewerawo ndipo chala chinali chitayambanso ulendo. Zilembo zinkabwera chimodzichimodzi, zikuluzikulu, zoyera.

NDIMAMVA ZONSE

Alamu anga, akazi a achimwene, amene anali kukulunga mbale m'manyuzipepala, anabwera n'kuima kumbuyo kwa mpando, dzanja lili pakamwa. Ine ndinkafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, koma ndinangogwira kiyibodi kuti isaterereke. Chala chinapuma, kenako chinapitiriza.

TSITSANI BEDI LANGA

Linatsitsidwadi tsiku lomwelo. Nkhani sinathere pomwepo ayi. Tinakangana milungu ingapo za amene azigona nawo ndi amene aziwaperekeza kuchipatala, koma tsopano pa mkangano uliwonse panali anthu atatu, ndipo wachitatuyo sankagonja msanga. Mapeto ake ine ndinasamukira m'chipinda changa chakale. Bambo anakhala m'nyumba yawo zaka zina zitatu, akulamula za mankhwala, za maluwa a pakhonde ndi za shuga wochepa mu tiyi, zonse m'zilembo zikuluzikulu. Mawu a pakamwa sanabwerere.

Koma ndikakumbuka za m'mawa umenewo, sindiona lole ikutsitsidwa. Ndimaona achimwene, bambo wa ana anayi, bwana woopedwa kuntchito kwawo, atasowa pokhala chifukwa mipando ina yonse anali ataikweza okha. Anagwada pasimenti pafupi ndi miyendo ya Bambo, nkhope ili pafupi ndi TV ngati mwana. Panja dalaiva ankaliza hutala, koma iwo sanacheuke.

"Lembani, Bambo," anatero ndi mawu otsika. "Ndikuwerenga."

Chala chija chinakwera m'mwamba, chikunjenjemera, chikufunafuna batani. Pagalasi la TV, kumayambiriro kwa mzere wopanda kanthu, kabokosi koyera kankangophethira, ndipo milomo ya achimwene inali itatseguka kale, kudikira chilembo choyamba.