Anzawo Oyenda Nawo

"Tambasulani chala, amayi," anatero mlongo wake wa Chisamba atagwada pafupi ndi mpando.

Chisamba anaima pakhomo la pabalaza atakolowekanitsa m'manja mipando iwiri yapulasitiki, yomaliza pa imene anabwereka pamaliro. Amayi ake anapereka dzanja osayang'ana n'komwe. Kadontho ka magazi kanatuluka, kamakina koyezera shuga kanalira, ndipo mlongo wakeyo anangoluma mlomo.

"Wakweranso?" anafunsa Chisamba.

"Wakwera. Mapazi nawo taonani mmene atupira."

Mpando umenewo unali wa bambo awo, ndipo chiikireni bambowo m'manda amayi anali atangomatirira pomwepo. Olira anali atabwerera kwawo. M'nyumba munangotsala fungo la maluwa ofota ndi matambula ochuluka kuposa anthu.

Bambo anali dalaivala wa basi za mtunda wautali. Anapuma pantchito mimba itagunda chiwongolero, akupumira m'mwamba ngakhale pongovala sokosi. Kuchipatala anawauza kuti shuga, kuthamanga kwa magazi, mafuta ochuluka m'magazi ndi kunenepa kwa pamimba ndi ana a mayi mmodzi, akabwera amabwera atagwirana manja. Amayi atawayeza anawapezanso nazo. Namwino anati mapiritsi okha sangathe, m'pofunika kumayenda tsiku ndi tsiku, koma anaonjeza kuti ambiri amayamba ndi moto n'kuzimira panjira. Bambo sanazime. Kwa zaka ndithu ankadzuka kusanache bwino, n'kuyenda ndi amayi pamodzi ndi anthu angapo a mumsewu wawo. Ndipo pa ulendo wa m'mawa womwewo ndi pamene mtima wawo unaima.

Dzina loti Chisamba amene analiyambitsa ndi bambowo, poti ndiye anali woyamba kubadwa, ndipo linam'kanirira mpaka kuofesi. Tsopano anali bambo wa ana ake, wa galimoto yake, ndipo ankaona kuti mawu omaliza m'nyumbamo agwera iye.

Anatsatira mlongo wake kukhitchini n'kukankha chitseko.

"Amayi ndikuwatenga mawa," anatero motsitsa mawu. "Kwanga kuli wantchito, kuli galimoto. Akapume. Zomayendayenda m'misewu ngati osowa kolowera zathera pomwepa."

"Anamwino anena dzulo lomweli kuti ayambirenso kuyenda, pang'onopang'ono."

"Anamwino omwewo anauza bambo kuti aziyenda. Ali kuti lero?"

Mlongo wake anatseka mpopi, napukuta manja pasiketi.

"Achimwene, chisoni chisakusandutseni dokotala. Inu nomwe lambayo mwabooletsa bowo lina, mukuganiza kuti sitikuona? Mukawatenga amayi kukawakhazika kutsogolo kwa wailesi yakanema, ndiye kuti mwawakumbira dzenje pambali pa bambo."

"Usandilankhule choncho iwe."

"Pepani. Koma ine ndi amene ndikuwabaya chala m'mawa uliwonse."

Tsiku limenelo sanalankhulanenso.

M'mawa mwake Chisamba anadzuka molawirira kuti akonze malo a katundu m'galimoto. Atatuluka anaona anthu atatu ataima kunja kwa geti, osagogoda, osachoka. Anawazindikira, poti pamaliro anakhala pamodzi kumbuyo. Panali mayi wosoka zovala, wonenepa, atamanga juzi m'chiuno. Panali wometa wa pakona, chipewa chili m'manja. Wachitatu anali mphunzitsi wopuma pantchito, atatsamira ndodo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anayamba wometa.

"Ndadzuka. Tikuthandizeni?"

"Ayi, palibe. Miyendo yangotibweretsa. Kungoti masiku onse malemu ndi amene ankatigogodera, ndiye lero tangoti kakasi, sitikudziwa kuti tiyambire pati."

Chisamba anawayankha mokalipa.

"Yambirani kwanu. Munthu wamkulu ngati uja, mtima wake wovutavuta, inu n'kumamukoka m'bandakucha kukwera naye zitunda. Simunkaona kuti akutopa? Mwatilanda bambo, lero mwabwereranso amayi?"

Wometa anagwetsa nkhope. Mphunzitsi anakhosomola. Koma mayi wosoka anayandikira mpaka anagwira zitsulo za geti.

"Ife kuwakoka iwo? Mwana wanga, lira, koma usatinamizire. Ine ndinkakhala pamakina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, miyendo ngati mitondo. Namwino analankhula mpaka anatopa nane. Tsiku lina bambo ako anabwera ndi thalauza loti ndilibweze m'chiuno. Akuti, 'Mayi, ndili pavuto. Akuti ndiziyenda, koma ndimaopa kugwera panjira ndili ndi mayi a kunyumba okha, sangandinyamule. Mutiperekezeko mawa lokha.' Ndinawamvera chisoni. Mawa lokhalo ndi ili landifikitsa pano."

Wometa anadzutsa mutu.

"Inu anakuuzani zimenezo? Ine anati amaopa agalu a m'njira yakusukulu, akufuna mwamuna mnzawo woti aziwaopseza."

"Agalu ake ati? Kagalu kopanda mano kaja?" anafunsa mayi wosoka.

"Ndiye ndinkadabwa!"

"Ine anandiuza kuti wailesi yawo yafa," anatero mphunzitsi, "ndiziwafotokozera nkhani za m'dziko tikuyenda. Ndinkakonzekera ngati ndikupita m'kalasi. Tsiku lina ndikudutsa pano ndinaimva ikulira bwinobwino pawindo ilo. Ndinangokhala chete, poti shuga wanga anali atayamba kutsika."

Atatuwo anayang'anana, kenako anaphulika kuseka. Chiseko cha mayi wosoka chinapindika pakati n'kusanduka kulira, ndipo anabisa nkhope m'dzanja la juzi.

Chisamba sanaseke. Anakumbukira kuti chaka chatha, atayezetsa kuntchito, anauza bambo ake okha kuti naye am'peza ndi kuthamanga kwa magazi ndipo shuga ali pakhomo. Bambo sanamulalikire. Patangopita masiku anaimba foni. "Chisamba, nkhalamba ndikuyenda nazozi zikundichedwetsa. Ndikusowa mnyamata woti andithamangitseko. Ukapeza mpata Loweruka, udzandithandize." Anaimbanso kangapo, mawu ake omwewo. Iye ankangoti mdala wasowa wocheza naye.

"Tsiku lija sanatope ayi," anatero wometa mofatsa, ngati wamva funso limene Chisamba sanafunse. "Tinafika pakakhoma ka sitolo ya zitsulo, pamene timapumira nthawi zonse. Anali akuwaseka aphunzitsiwa za timu yawo ya mpira. Kenako anangotsamira paphewa langa. Ndinayesa nthabwala. Nditaona kuti ayi, ndinawagoneka pamiyendo panga, amayi anu atawagwira dzanja, aphunzitsi akuimitsa galimoto. Tonse tinalipo, bambo. Sanagwere pafumbi."

Kumbuyo kunamveka chitseko. Amayi anali ataima pakhonde, atavala nsapato zawo zansalu, mpango wakuda uli kumutu. Mlongo wake anali pambuyo pawo ndi botolo la madzi.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kumene ndimapita."

"Ndi mapazi otupawo?"

"Atupa ndi kukhala." Anatsika masitepe mmodzimmodzi, atagwira khoma. "Ndakumva zonse, Chisamba, za dzulo ndi za lero. Makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Bambo ako madokotala anawauza kalekale kuti mtima wawo watopa. Akanakhala pampando uja, sakanaona ana ako akuvala yunifolomu. Ine ndinakhalapo masiku awa kuti ndimve fungo lawo. Latha. Kwatsala fungo langa, ndipo silikundisangalatsa."

"Kwanga mukakhala bwino, amayi. Simukasowa kanthu."

"Ndikudziwa, mwana wanga, ndipo ndidzabwera kudzacheza. Koma dzira ukalisunga kwambiri limasukusa. Kwako adzandigogodera ndani? Nanga awa, ukuwaona mmene aimiramu ngati nkhuku zonyowa, ndiwasiyire yani?"

"Nkhuku yonyowa ndi ameneyu," anatero mayi wosoka akuloza wometa, uku akupukuta m'maso.

"Lero mukabwerere pasukulu, musapitirire," anatero mlongo wake wa Chisamba, akuwapatsira amayi botolo ndi timaswiti tiwiri. "Mukamva chizungulire mukhale pansi." Kenako anayang'ana mchimwene wake. "Ngati mukuopa kuti agwa, achimwene, njira ndi imeneyo."

Chisamba anayang'ana galimoto, anayang'ana amayi ake akutuluka pageti. Anaponya makiyi m'thumba n'kuwatsatira, atavala nsapato zake zakuofesi.

Msewu unali usanadzuke. Zitseko za sitolo zinali zotseka, kupatula kophikira buledi kumene kunkatuluka fungo lotentha. Basi yoyamba inawadutsa ili ndi anthu ochepa ogona pamawindo. Poyamba Chisamba anayenda pambali pa amayi ake, dzanja lili chire kuti awagwire. Amayi ankayenda mwakachetechete, mapazi akukhwekhwereza pang'ono, koma mayendedwe awo anali ndi kamvekedwe kake kosasintha. Wometa ankatsogola. Mphunzitsi anayamba kufotokoza za mitengo ya mafuta a galimoto, mwachizolowezi, kenako anadukiza poona kuti amene ankamutsutsa palibe.

"Pitirizani, aphunzitsi," anatero amayi. "Ndikutsutsani ndine."

Atakhota pakona, msewu unayamba kukwera. Sichinali chitunda choti munthu n'kuchitchula, ndipo pagalimoto Chisamba anali asanachizindikirepo. Koma asanafike pakati, malaya anali atamatirira kumsana. Nsapato zinayamba kumuluma zidendene. Mtima unkagunda m'makutu. Anaona msana wa amayi ake ukutalikira, mayi wosoka akugwedera patsogolo ngati alibe thupi, ngakhale mphunzitsi wandodo uja atamusiya. Manyazi anamugwira kuposa befu. Munthu wobwera kudzalondera nkhalamba, nkhalambazo n'kumusiya m'mbuyo! Pafupi panali benchi ya pamalo odikirira basi. Anaganiza zokhalapo, n'kunamizira kuti walandira foni yakuntchito.

Asanatero, amayi anaima.

"Tsogolani, anzanga," anawamva akunena. "Chingwe cha nsapato chamasuka."

Enawo sanacheuke n'komwe. Anangochepetsa liwiro, nkhani ili m'kamwa. Amayi anaika botolo pansi, nawerama movutikira, dzanja lina litagwira bondo.

Chisamba anafika pamene panali amayiwo, iye akupumira m'mwamba.

"Dikirani, amayi, ndikumangireni."

Anagwada pamsewu. Chingwecho chinali chomanga bwinobwino, mfundo ziwiri zolimba. Anayang'ana nsapato inayo, nayonso chimodzimodzi. Anakweza maso.

Amayi sanamuyang'ane. Anakoka nsonga ya chingwe mpaka mfundo inamasuka, nayamba kumanganso, mosafulumira, ngati mwana amene akuphunzira kumene.

"Bambo ako nsapato zawo zinali zovuta," anatero. "Sizinkamasuka pena paliponse ayi. Zinkadikira kuti wina atsalire."

Chisamba anakhala chigwadire, akumva mpweya ukubwerera m'chifuwa. Amayi anamaliza mfundo, anaiyang'ana, anapukusa mutu ngati sinawakomere, n'kuimasulanso.