Midzi Yomwe Kompyuta Inati Kulibe Anthu

Bambo Fanizo, abwana athu pa ofesi ya zamadzi ku Nsanje, anaponya pepala patebulo panga ngati akuponyera galu fupa.

"Mayi Luisa, sainani apo. Lipite lero lomwe."

Linali pepala lochotsa mipopi 14 pa pulani ya mapaipi atsopano a kwa Mlolo. Ntchito yanga ndi ya pakompyuta. Muli chithunzi cha mapaipi onse, kuyambira pathanki mpaka mpopi womaliza, ndipo ukaifunsa funso imakutulutsira mndandanda. Dzulo lake abwana anaifunsa kuti itchule mipopi yomwe pafupi pake palibe mabanja. Inatchula 14, yonse ziro, ziro, ziro.

Ine ziro sindimukhulupirira. Munthu ukhoza kuphonya powerenga, mabanja 40 n'kulemba 38, koma mudzi wathunthu osapezamo ndi mmodzi yemwe? Ndinafunsanso funso lomwelo, koma ndinawonjezera kuti indionetse tsiku lomwe akalembera owerenga mabanja anafika pamalo aliwonse. Mizere yonse 14 inali ya Febuluwale. Ndinapsa mtima.

"Bwana, tabwerani mudzaone."

Anabwera akuyang'ana wotchi.

"Midzi yonseyi ndi yakudambo. Febuluwale kudambo mungapezeko ndani? Madzi akasefukira anthu amakwera kumtunda, ena kumsasa wa pasukulu. Akaphwa amabwerera kukalima m'madimba. Akalembera anapita pabwato, anaona madenga okhaokha, n'kulemba kuti kulibe anthu."

"Kompyuta sinama, mayi."

"Sinama, inde. Yayankha zomwe munaifunsa. Funso lanulo ndiye lopunduka."

Anaseka, kuseka kwa munthu wobwera chaka chatha amene Shire amangomuonera pawindo. Anati anthu akudambowo anauzidwa kalekale kuti asamuke, kuwapatsa mpopi n'kuwalera. Anatinso mpando wangawu akuufuna ndi ambiri.

Apa ndiye ndinayaka. Ndinakulira komweko ine. Ndikudziwa kuti Okutobala akafika, nthaka itang'ambika ndi dzuwa, popanda mpopi amayi amakatunga kumtsinje komwe ng'ona zimadikira.

"Nkhabe! Ayi ndithu! Ngati mukufuna kuwamana madzi, lembani kuti tawamana. Koma musandiuze ndisaine kuti kulibe."

"Mukukana ntchito?"

"Ndikukana bodza."

"Chabwino. Ndisaina ndekha."

Anatulutsa cholembera n'kuitana bambo Hilario, dalaivala wathu wa imvi, kuti adzatenge pepalalo. Ndinakumbukira kuti ndili ndi ana awiri pasukulu. Komabe ndinatembenukira ku kompyuta n'kuyamba kuwerenga mndandandawo mokweza, mudzi ndi mudzi, kuti ofesi yonse imve. Nditafika pa nambala 9, kwa Nyampinga, bambo Hilario anakweza dzanja.

"Tabwerezani, mayi. Mwati kwa Nyampinga kuli mabanja angati?"

"Akuti ziro, bambo."

Mkuluyo, amene zaka zonsezi sindinamumvepo akuyankha bwana aliyense, anavula chipewa n'kuyang'ana pepala lomwe abwana ankamupatsa.

"Bwana, kwa Nyampinga ndi kwathu. Mmawa uno ndasiya mkazi wanga ndi adzukulu anayi akudya phala. Ndiye mukuti ine ndinyamule kalata yonena kuti kulibe?"

Anaika makiyi a galimoto pamwamba pa pepalalo, pomwepo posainira.

"Ipititseni nokha. Mukadutsa kwathu, mukawauze nokha kuti kulibe."